Musanamuthire madzi galu wanuyo

Sabata ino mwayi wagwera ine, ndipo ndabwera ndi nkhani ya galu. Ndimakudziwani anthu a zolembalemba, ena mwayamba kale kufufuza kuti galuyo akuimira ndani, kaya ndi wandale uti, kaya ndi chibwenzi chiti chakale. Khazikani mitima pansi. Ndi galu weniweni, wa miyendo inayi ndi mchira, ndipo nkhani yake ndi ya kusamba.

Ndiyambe ndi funso. Ndi liti pamene munaona madzi akuchoka m'manja mwa munthu n'kukatera pamsana pa galu? Takumbukirani bwino. Ambirife tipeza kuti anali madzi otsukira mbale, galu atasuzumira pakhomo la khitchini. Kapena anali madzi a m'ndowa, agalu awiri akumenyana pabwalo. Pena, Mulungu atikhululukire, anali madzi owira omwe amadikira ufa, galu ataba mutu wa chambo. Midzi yambiri ili naye galu wa chipsera pamsana, pomwe ubweya sunamerenso, ndipo palibe amafunsa kuti chinachitika n'chiyani chifukwa tonse tikudziwa. Galu wa kwathu kuno amakula ndi phunziro limodzi: munthu akanyamula beseni n'kukuyang'ana, liwiro. Ndiye tsiku lina inu mwadzuka ndi mtima wabwino, mwagula sopo, mukuti lero Tiger asambe. Mwanyamula beseni lomwe lija, mukumuyang'ana ndi maso omwe aja. Iye adziwa bwanji kuti lero ndi zachikondi?

N'chifukwa chake ndimati ntchito yaikulu yosambitsa galu koyamba imachitika madzi asanatungidwe. Kusamba kwenikweniko ndi mphindi 10 basi. Kukonzekera kwake ndi milungu iwiri, ndipo milungu iwiriyo ndi imene ndikufuna ndikuuzeni.

Wanga dzina lake ndi Mudzatopa. Dzinali anapereka ndi amayi anga, omwe amakhala nafe ku Machinjiri kuno, ndipo mpaka lero sananene kuti akuuza ndani. Paja akuluakulu athu galu samutcha dzina lachabe. Amamuitana mokweza madzulo kuti uthenga ukafike kuseri kwa mpanda. Mudzatopa anachokera kwa malume ku Ntcheu, m'katoni yoboola, pa minibasi, ali ndi milungu ngati 6. Kanali kagalu kofiirira, ka mphumi yamakwinya ngati nkhalamba yoganiza za feteleza. Ndipo kanabwera ndi alendo ake. Pasanathe masiku anayi tonse tinali tikukanda akakolo, ndipo mwana wathu wokwawa anali ndi timadontho tofiira m'miyendo monse. Utitiri.

Mayi a ana sanachulutse mawu. "Abambo, tamverani. Kaya utitiriwu uchoke, kaya galuyu abwerere komwe wachokera. Milungu iwiri." Mwana wathu wamkulu, wa Sitandade 3, anali atamutenga kale kagaluko ngati mng'ono wake. Usiku umenewo sanadye bwino.

Nkhani ikangomveka kuti pakhomo pali utitiri, madokotala amachuluka. Wina anati mumupake oyilo wakuda wa galimoto. Wina anati palafini. Wina anabwera ndi kabotolo kopanda pepala, ati ndi mankhwala opopera tomato, madontho atatu m'madzi zonse zitha. Anthuwa amanena ndi mtima wofuna kuthandiza, koma chonde abale, izi musachite. Galu amadzinyambita, ndiye chilichonse mwamupaka pakhungu mwamudyetsa. Oyilo wakuda ndi poizoni. Palafini amawotcha khungu. Mankhwala a mbewu amalowa m'thupi kudzera pakhungu pomwepo, ndipo kagalu ka makilogalamu awiri sikachedwa kuyamba kutuluka dovu, kunjenjemera, kenako basi. Ngakhale dibu weniweni, uja ena tinkatengerako agalu tili ana, ali ndi muyeso wake, ndipo mitundu yambiri ya dibu siloledwa pa tiana ta agalu. Amene muli ndi mphaka pakhomo samalaninso: mankhwala ena a utitiri wa agalu, makamaka okhala ndi permethrin, amapha mphaka.

Nanga sopo wochapira zovala, wa ufa uja? Iyeyu sapha, koma amachotsa mafuta onse a pakhungu. Khungu la galu ndi lopyapyala kuposa lathu, ubweya ndi umene umatinamiza kuti ndi lolimba. Mukamusambitsa ndi sopo waukali, mawa lake akukanda kuposa dzulo, inu n'kumati utitiri sunathe, n'kumubwerezanso. Ngati mungathe, gulani shampu ya tiana ta agalu m'sitolo za mankhwala a ziweto. Ngati thumba silikulola, kasopo kofewa kopanda fungo, konga kosambitsira khanda, kangagwire ntchito kamodzi, bola mutsukuluze bwino.

Ine ndinapita kwa alangizi a ziweto, ndipo mawu awo oyamba anali akuti dikirani. Kagalu kosakwana milungu 8 sikatha kusunga bwino kutentha kwa thupi lake. Galu wabwinobwino thupi lake limatentha madigiri 38 mpaka 39, kuposa la munthu, koma kakang'ono kakanyowa kamazizira msanga ndipo kutenthanso kumakavuta. Ndinawerengera: Mudzatopa ali ndi milungu 6, mayi a ana apereka milungu iwiri. Masamu ake anakwanira ndendende, popanda tsiku lotsala.

Kudikira sikunali kukhala manja lende. Tinagula chipeso cha mano ang'onoang'ono, chonga chija chopesera nsabwe, ndipo m'mawa uliwonse tinkamupesa, pambali pali kambale ka madzi a sopo koponyeramo utitiri. Osauphwanya ndi zala, umalumpha. M'madzi a thovu umamira. Ngati mukukayika kuti galu wanu ali nawo, mupeseni ataima papepala loyera lonyowa. Tinthu takuda togwa pamenepo tikasungunuka n'kufiira, dziwani kuti ndi ndowe za utitiri, ndipo kufiirako ndi magazi a galu wanu. Mukweze mlomo muone nkhama. Zikhale zofiirira bwino. Zikakhala zoyererako ndiye kuti magazi achepa, ndipo kagalu kotero kakufunika alangizi lero lomwe, za kusamba zibwere pambuyo.

China chimene ambiri sitidziwa n'chakuti utitiri umene mukuuona pagalu ndi kagawo kochepa chabe, mwina 5 pa 100 iliyonse. Wotsalawo ndi mazira, timphutsi ndi wina wobisala m'zikwa zake, zonse zili pansi: m'chiguduli chomwe amagonapo, m'fumbi la pakhonde, m'ming'alu ya simenti. Waukazi umodzi utha kuikira mazira mpaka 50 patsiku, ndipo mazirawo sakakamira paubweya, amayoyoka paliponse galu wagona. Ndiye mukasambitsa galu n'kumubwezera pachiguduli chomwe chija, mwangotaya sopo. Ife tinatentha chiguduli chomwe anabwera nacho. Tinkasesa tsiku ndi tsiku n'kutentha zinyalalazo. Ndipo madzi owira aja, apa ndiye pamalo pake: m'ming'alu ya pakhonde, galu ndi ana ali kutali. Chogonera chatsopano tikachapa tinkayanika pachingwe, padzuwa lenileni, osati pansi. Paja ntchentche ija ya mphutsi imaikira mazira panthaka kapena pansalu yachinyezi, makamaka ya fungo la mkodzo, ndipo tiana ta agalu ndi timene imatikonda. Amene munafinyapo mphutsi pamimba pa kagalu mukudziwa chomwe ndikunena.

Tsopano ndifike pachimake, pa nkhani ya dzanja.

Taganizani mmene agalu athu ambiri amakhalira. Amapatsidwa mkute, amaitanidwa ndi likhweru, mwina kamodzikamodzi wina amawagunda pamutu. Koma khutu, phazi, mchira, mimba, kunsi kwa khosi, malo amenewa dzanja la munthu silinafikepo chibadwire. Pomwe kusamba n'chiyani? Ndi kugwira malo onsewo, limodzi ndi limodzi, galu ali wonyowa, ataima poterera, sangathawe. Mukachita zonsezi tsiku limodzi, mwamuunjikira zachilendo zisanu nthawi imodzi. Nzeru yake ndi kuzimwaza, chilichonse chibwere pachokha, tsiku lake, ndipo chibwere ndi kanthu kokoma.

Kanthu kokomako kwa ife kanali usipa. Madzulo aliwonse, dzuwa litapendeka, ndinkakhala pansi pakhonde ndi tiusipa tochepa m'thumba la malaya. Pansi ndithu, osati kuimirira n'kumuweramira, chifukwa munthu woweramira galu amaoneka ngati phiri likugwa. Tsiku loyamba ndinangomusisita pachifuwa ndi m'mbali mwa khosi, n'kumupatsa kamutu ka usipa. Tsiku lachiwiri, msana mpaka pomwe mchira wayambira. Lachitatu ndinagwira khutu, kulitembenuza, kulisiya, usipa. Mapazi ndiye anatitengera masiku atatu. Agalu ambiri safuna kugwidwa mapazi, ndipo Mudzatopa ankalichotsa msanga ngati waponda khala la moto. Sindinkalimbana naye. Ndinkangokhudza phazi ndi chala chimodzi, usipa. Kenako kulinyamula kwa kamphindi, usipa. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinkatha kutsegula pakati pa zala zake n'kuyang'ana, komwe nkhupakupa ndi matekenya zimakonda kubisala. Zonsezi zinali mphindi zitatu kapena zisanu patsiku. Mukatalikitsa, kagalu kamatopa, ndipo chomwe kakumbukire ndi kutopako.

Amayi ankaonerera ali pamkeka, akusankha nyemba. "Koma zinthu zake! Galu mpaka kumusisita mapazi ngati mfumu? Ife agalu athu ankasamba okha kudambo popita kosaka." Ndipo sananame. Galu wakumudzi woyenda m'tchire amawoloka mitsinje, amagona paphulusa, amasintha malo ogona. Wa m'tauni amakhala pakabwalo kamodzi, pafupi ndi pomwe mwana akukwawa, ndipo utitiri wake umazungulira pomwepo. Ndinawayankha choncho, iwo anangoti "kaya". Koma mlungu wachiwiri ndinawapeza akusunga mitu ya usipa m'kachitini, osanena kuti ndi ya ndani.

Pochita izi muphunzire kumva chinenero cha galu, chifukwa amalankhula asanalume. Akayamba kunyambita milomo pomwe palibe chakudya, akamayasamula koma alibe tulo, akatembenuzira mutu kumbali n'kumakuyang'anani ndi ngodya ya diso mpaka koyera kuoneka, akagonetsa makutu, akapanira mchira pakati pa miyendo, akuti zandikwana. Akauma thupi lonse ngati mtengo, ndiye watsala pang'ono. Ndipo akalirira kukhosi, kuja kwa "grrr", musamumenye. Ndikudziwa kuti dzanja limayabwa, timati akundiderera. Koma kulirako ndi belu. Mukamumenya chifukwa cha belu, aphunzira kuluma osaliza belu, ndipo wodzalumidwayo mwina adzakhala mwana. Ingosiyani, bwererani pomwe anali womasuka, mawa n'tsikunso. Chizindikiro china chosavuta: galu wamantha sadya. Mukamupatsa usipa iye n'kuukana, dziwani kuti mwathamanga.

Mwana wathu wamkulu ndinamulowetsa m'ntchitoyi, koma ndi malamulo: osamukumbatira pakhosi, osayandikitsa nkhope kunkhope yake, osamugwira akudya kapena akugona, ndipo nthawi zonse wamkulu akhalepo. Iye ndi amene anakhala msungichuma wa usipa, udindo womwe anautenga mwaulemu kwambiri.

Dzanja litazolowereka, linatsala beseni. Ndinatenga beseni lapulasitiki lalikulu, lochapira, n'kuliika pakhonde lopanda madzi. Pansi pake m'katimo ndinayala kachiguduli. Ichi musaiwale. Chimene chimaopsa galu kwambiri m'beseni nthawi zambiri ndi kuterera, zikhadabo kusowa pogwira. Munthu naye ataimitsidwa pamwala wa ndere mumtsinje sangasangalale ndi sopo. Tsiku loyamba Mudzatopa analizungulira beseni lija patali, akulinunkhiza ngati lili ndi mlandu. Mbale yake ya chakudya tinaiika pafupi. Mawa lake tinaika usipa m'katimo, iye n'kutambasula khosi mpaka kufika. Tsiku lachitatu analowetsa miyendo yakutsogolo yekha. Lachinayi tinamupeza atagonamo. Palibe anamunyamula n'kumuikamo, ndipo ine ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Cholowa yekha amadziwa kuti atha kutulukanso.

Kenako tinathiramo madzi ofika pa mfundo imodzi ya chala, ongonyowetsa mapazi. Tsiku lina ndinakhala pambali pake n'kumatunga madzi ndi kapu m'ndowa n'kuwathira pansi, kuti azolowere phokoso lake ndi kuona dzanja lonyamula kapu likukwera m'mwamba popanda choipa kuchitika. Tsiku lotsatira ndinamupukuta msana ndi kansalu konyowa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masiku amenewa ndinawamvetsa, chifukwa aneba odutsa ankandipeza bambo wamkulu ndili pansi ndikuthira madzi pasimenti pamaso pa kagalu. Mmodzi anafunsa mayi a ana ngati kuntchito zikuyenda bwino.

Tsiku lake linali Loweruka, mu Okutobala, kunja kukutentha. Pa nyengo mukhale tcheru. Kusambitsa kagalu mu Juni kapena Julayi, chiperoni chikuwaza, ndi kukaika pachiswe. Sankhani tsiku la dzuwa, cha m'ma 10 koloko m'mawa, kuti pofika madzulo akhale atauma mpaka pakhungu. Zonse zikhale pafupi musanamuitane: beseni ndi kachiguduli kake, ndowa ya madzi ofunda, kapu, sopo, kansalu ka kumaso, chitenje chakale kapena thaulo, ndi usipa. Mukayamba kuthamangira m'nyumba kukatenga sopo galu ali kale m'madzi, mupeza beseni lokha. Madzi muwayese ndi chigongono monga amachitira amayi posambitsa khanda: asakuwotcheni, asakuzizireni. Kwa kagalu ndowa imodzi ya malita 20 ndi yokwana, n'kutsalako. Asakhale atangodya kumene. Ayambe wasewera, wakodza, watopako pang'ono. Mumupese kaye, chifukwa ubweya wopotana ukanyowa umamangana kwambiri. Nkhupakupa muzichotse asanalowe m'madzi: gwirani pafupi ndi khungu penipeni, kokani pang'onopang'ono osapotoza, muponye m'kabotolo ka palafini. Osaiwotcha ndi machesi ili pathupi, osaiphulitsa ndi zala.

Mukhale anthu awiri. Ine ndinali wosambitsa, mwana wathu anali kutsogolo ndi usipa, akumuyankhula. Mudzatopa analowa yekha, monga mwa masiku onse, madzi ali ofika m'mapazi. Ndinayambira kumiyendo yakumbuyo, kapu ili pafupi ndi thupi kuti madzi asagwe kuchokera kutali. Ndisanapite patsogolo ndinanyowetsa khosi n'kulizunguliza ndi thovu, ngati mkanda. Utitiri ukamva madzi umathawira kumutu, m'makutu ndi m'maso, ndiye mkanda wa thovuwo umautsekera njira.

Pa kapu yachitatu ananjenjemera n'kutulutsa mwendo umodzi kunja kwa beseni. Mwana anamupatsa usipa, iye anatembenuza mutu. Tinaima. Ndinaika kapu pansi, dzanja langa lili pachifuwa chake, ndikumva mtima ukugunda ngati ng'oma ya chimtali. Mwana anandiyang'ana ndi maso ofunsa, chifukwa ankadziwa kuti milungu iwiri ija ikutha mawa. Tinadikira. Kaya inali mphindi imodzi, kaya ziwiri. Kenako kamphuno kanayamba kugwedezeka, anatenga usipa uja, ndipo mwendo unabwerera wokha m'madzi. Tinapitiriza.

Madzi a m'beseni anasanduka ofiirira ngati a mumtsinje mvula yoyamba, ndipo pamwamba pake pankayandama utitiri wosawerengeka. Kumutu sindinathireko madzi ngakhale pang'ono, ndinangopukuta ndi kansalu, kusamala maso. Madzi akalowa m'khutu la galu sachedwa kuyambitsa zilonda za m'kati, zija zonunkha zomwe zimamuchititsa kupukusa mutu tsiku lonse. Kutsukuluza ndiye kunatenga madzi ambiri kuposa kusambitsa. Muzitsukuluza mpaka madzi otsika akhale oyera, makamaka m'khwapa, pamimba ndi kunsi kwa mchira, chifukwa sopo wotsalira ndi amene amayabwa.

Atatuluka anachita chimene agalu onse amachita. Anadzikutumula, kuyambira kumutu mpaka kunsonga ya mchira, ndipo tonse tinasamba nawo. Musamuletse. Ofufuza a ku Georgia Tech ku America anapeza mu 2012 kuti galu amatha kuchotsa pafupifupi 70 pa 100 ya madzi a paubweya wake m'masekondi anayi okha. Palibe thaulo lingapikisane naye. Inu mungomaliza ndi chitenje, kenako mumugwire pachingwe n'kuyenda naye padzuwa pamalo oyera. Mukamumasula ali wonyowa, athamangira kudzala kapena paphulusa n'kukavimvinizika, n'kubwera ali mbuu. Sikuti ndi mwano. Mphuno yake imamva fungo kuposa yathu kutalitali, ndipo fungo la sopo lomwe inu mukuti ndi labwino, kwa iye ndi chovala cha eni chomwe akufuna avule. Madzi otsala m'beseni musataye pomwe nkhuku ndi abakha amamwa, kapena pafupi ndi chitsime, makamaka ngati munagwiritsa shampu ya mankhwala.

Musayembekezere kuti kusamba kumodzi kuthetsa zonse. Sopo amapha utitiri umene uli pathupi tsiku limenelo, koma uja wobisala m'zikwa umapitirira kutuluka kwa milungu ingapo. Tinapitiriza kusesa ndi kupesa, ndipo alangizi anatipatsa mankhwala oyenera msinkhu ndi kulemera kwake, pamodzi ndi a njoka za m'mimba, chifukwa galu akameza utitiri podzikanda ndi mano amatenga njoka zija zotuluka ngati timbewu ta mpunga. Lamulungu lake mayi a ana anayang'ana miyendo ya mwana, anayang'ana galu, n'kunena kuti, "Tionenso mlungu wina." Kunyumba kwathu mawu amenewa ndi chikhululukiro.

Ndikudziwa pali ena mukuti zonsezi ndi za anthu okhuta. Madzi tikugula pa kiyosiki, sopo wakwera, ndiye tiziwonongera galu? Funso lake ndi lomveka, ndipo sindikunena kuti galu azisamba ngati mkwatibwi. Enanso mukuti galu wosisitidwa sauwa, kuti galu wolondera amafunika akhale wolusa, atsekeredwe m'kakhola usana wonse, asazolowere munthu. Apa ndiye ndikukana. Galu amauwa mlendo usiku chifukwa pakhomopo ndi pake. Mudzatopa pano ndi wamkulu, ndipo aneba omwe ankandiseka aja ndi amene amadandaula kuti sawagonetsa. Galu woopa dzanja la mwini wake ndi woopsa kwa a m'nyumba momwemo kuposa kwa wakuba, chifukwa wakuba amabwera kamodzi pachaka, pomwe ana ali pabwalo tsiku lililonse.

Ndipo pali china chachikulu kuposa utitiri. Chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atatenga kwa galu, ndipo pakati pawo pali ana ambiri. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, kuchira kulibe. Njira yodziwika yothetsera ndi kubaya katemera agalu osachepera 70 pa 100 iliyonse m'dera. Anthu a ku Blantyre mukukumbuka mu 2015 pamene a Mission Rabies anabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, mizere ya ana ndi agalu awo pazingwe itadzaza m'mabwalo a sukulu. Koma si agalu onse anafika pamizere ija, ndipo chimodzi mwa zifukwa zomwe eni ake ankapereka chinali chakuti galu wawo sagwirika. Tamvani bwino pamenepo. Katemera waulere, pafupi, koma galu sangavekedwe chingwe, sanganyamulidwe, sangagwidwe pakhosi kwa masekondi asanu. Dzanja lomwe munamuzoloweretsa pomukonzekeretsa kusamba ndi lomwelo lidzamugwire tsiku la jakisoni, tsiku lomuchotsa waya kuphazi, tsiku lomumwetsa mankhwala. Mudzatopa atakwana miyezi itatu anapita kukabayitsa atanyamulidwa ndi mwana wa Sitandade 3, ine ndili pambuyo ndi kabuku kake.

Ndionjezepo kamodzi apa, poti ndinamva wina akunena kuti galu wothawa madzi ndiye kuti ali ndi chiwewe. Ayi. Kuopa madzi kuja ndi chizindikiro cha chiwewe mwa munthu. Kagalu kothawa beseni kangokhala ndi mantha basi. Galu wokayikitsa ndi amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu, akuluma zilizonse, kapena wangofooka chibwano chili lende. Ameneyo musayese kumusambitsa kapena kumutsegula kukamwa, itanani alangizi. Ndipo wina akalumidwa kapena kukalidwa, sopo ndi madzi omwe aja agwire ntchito pa munthuyo: tsukani balalo kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuona ngati litupe.

Nanga amene galu wanu ndi wamkulu kale, wa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo sanasambepo? Njira ndi yomweyi, koma milungu iwiri iwerengeni ngati miyezi iwiri. M'mera mpoyamba, kagalu kosakwana miyezi itatu kamalandira zachilendo mosavuta kuposa wamkulu, komabe wamkulu naye amaphunzira. Iyeyo beseni mwina silingamukwane, ndiye muzimusambitsa ataima paudzu kapena pachiguduli, chingwe chili m'manja mwa munthu amene amamukhulupirira, osati chomangidwa chothina pamtengo. Payipi ya madzi othamanga muyambe mwaiiwala. Ngati ndi uja anathiridwapo madzi otentha, mwina kapu sadzailola mpaka kale, ndipo palibe vuto. Kansalu konyowa ndi chipeso zimachotsa litsiro lambiri ndithu. Ana asayandikire mpaka inu mutatsimikiza.

Pano Mudzatopa amasamba kamodzi pamwezi nyengo yotentha, kapena akagubuduka pa chinthu chakufa, zomwe amazikonda kwambiri. Miyezi yozizira timangomupesa ndi kuchapa chogonera chake. Beseni lija linamuchepera kalekale, linabwerera ku ntchito yochapira, koma likangoikidwa pakhonde amabwera n'kuikamo miyendo yakutsogolo, zovala zili momwemo, n'kumayang'ana thumba la malaya anga. Za izi mayi a ana akuti tikambirana.